Funsani Mmisiri: Batire limodzi, zaka zambiri

Makalata ambiri a mwezi uno agwera pa nkhani imodzi, ya tizipangizo ting'onoting'ono timene timayeza zinthu patokha n'kutumiza uthenga popanda waya wa ESCOM. Ndasankhapo anayi. Inu amene munafunsa za ma inverter, pepani, tikumana mwezi wamawa.

FUNSO: Bambo mmisiri, kwathu anatiikira mita ya madzi yolipiriratu. Ili ndi kagalasi koonetsa manambala, imadzitsekera yokha mayunitsi akatha, koma palibe waya wa magetsi wopita pamenepo. Amene anadzaika anati batire lake limakhala zaka. Nanga bwanji foni yanga ndimatchaja tsiku ndi tsiku? Kodi sanangondinamiza?
Mayi wa ana atatu, Area 49

YANKHO: Sanakunamizeni mayi. Mu foni ndi mu mita monse muli kakompyuta, koma khalidwe lake n'losiyana. Foni sigona. Ngakhale ili m'chikwama imakhala ikumvetsera nsanja ya netiweki, ikufunsafunsa ngati kwabwera uthenga wa WhatsApp, ndipo mukangoyatsa galasi lake moto umapita wochuluka. Kakompyuta ka mu mita, kamene amisiri timakatcha microcontroller kapena tchipi, moyo wake wonse ndi tulo. Kamadzidzimuka, kuwerenga madzi amene adutsa, kuchotsera pa mayunitsi anu, n'kugonanso, zonsezi m'kuphethira kwa diso.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tengani kabatire kozungulira kaja ka mu kiyi wa galimoto kapena mu sikelo, kolembedwa CR2032. Kamasunga moto wokwana pafupifupi 220 mAh, kutanthauza kuti chinthu chokoka milliamp imodzi (muyeso wa moto umene chinthu chimakoka) chingayende nako maola 220. Microcontroller ikakhala maso ikugwira ntchito imakoka mwina ma milliamp 5. Mukaisiya maso osagona, kabatire kaja katha m'maola 44, masiku awiri osakwana. Koma ikagona tulo tofa nato imakoka ma microamp awiri okha kapena kucheperapo, ndipo mu milliamp imodzi muli ma microamp 1,000. Tsono tinene kuti ikudzuka sekondi imodzi pa mphindi 10 zilizonse. Mukaphatikiza tulo ndi kudzukako n'kugawa bwino, mupeza ma microamp pafupifupi 10, ndipo kabatire komweko kakhala zaka ziwiri ndi theka. Izidzuka kamodzi pa ola, zaka zipitirira 7. Awa ndi masamu a papepala, kutentha ndi zina zimadyako, koma mwaona kumene zakazo zikuchokera. Batire ndi lomwelo, tchipi ndi yomweyo, chasintha ndi kutalika kwa tulo.

Mwina mufunsa kuti ikagona amaidzutsa ndani. Pambali pake pamakhala kachitsulo kakang'ono kooneka ngati kachubu, m'kati mwake muli kamwala ka quartz. Ndi kamene kamayendetsanso wotchi ya pamkono. Kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi, ndipo kagawo kochepa kwambiri ka tchipi kamatsala maso n'kumawerenga kunjenjemerako. Nthawi ikakwana kamadzutsa zina zonse. Njira ina n'kudzutsidwa ndi chochitika: madzi ayamba kuyenda, kapena inu mwadina batani.

Pali chinanso chimene opanga matchipi akhala akulimbana nacho kwa zaka zambiri. Mu tchipi muli timaswitchi tambirimbiri, ndipo moto umapita pamene kaswitchi katseguka kapena kutsekeka. Mukachepetsa liwiro, moto uchepa. Mukatsitsa ma volt ndi theka, moto wa kaswitchi kalikonse umatsika kanayi. N'chifukwa chake tizipangizo totere timayenda pang'onopang'ono ndiponso pa ma volt ochepa. Mita yanu ilibe kanema woti ionetse, ntchito yake ndi kuwonkhetsa ndi kuchotsera basi.

Batire lakenso si ili timagula pa okala. Mamita ambiri otere amaikamo la lithium thionyl chloride, la ma volt 3.6, losatchajidwa. Ubwino wake ndi wakuti likangokhala silitaya moto, mwina gawo limodzi pa 100 pa chaka. Chimene chimalikoka kwambiri ndi kamota kotsegula ndi kutseka valavu, kenako galasi ndi wailesi ngati ilimo. Choncho ana asamaseweretse mabatani. Chizindikiro cha batire chikayamba kuphethira musatsegule nokha, mitayo ili ndi chidindo. Kauzeni a Lilongwe Water Board.

FUNSO: Ankolo, ndine wophunzira za magetsi. Ndinapanga kachipangizo koyeza chinyezi m'dimba la amalume anga ku Mitundu, kumene amalima tomato ndi anyezi. Ndinagwiritsa kabolodi ka microcontroller kotchedwa Arduino Uno, sensa ya timapanga tiwiri yozika m'nthaka, ndi SIM800L yotumiza SMS ola lililonse. Batire ndinachotsa mu laputopu yakale. Kunyumba kankayenda bwino, koma kudimba sikapitirira masiku awiri, ndipo timapanga tija tachita kale dzimbiri. Ndionjezere sola?
Mnyamata wa ku Kawale

YANKHO: Mphwanga, kalata yako yandisangalatsa kuposa onse, chifukwa wagwira chinthu ndi manja. Koma sola yamba waisiya. Ukaika panelo pa mtengo pakati pa dimba, waitana mbava, ndipo amalume ako ayamba kulondera chinthu chimene chimayenera kuwapeputsira ntchito. Kachipangizo kodya moto pang'ono kamabisika m'kapaipi pansi pa masamba, wodutsa osadziwa n'komwe. Kwa ine chimenechi ndiye chifukwa chachikulu chimene ife kuno tiyenera kuphunzirira luso limeneli.

Yamba ndi kuyeza. Dula waya wofiira wochokera ku batire, ulumikize mita yako yoyezera magetsi pakati, uike pa milliamp. Pa tebulo langa ndimachita zimenezi ndisanakhudze pulogalamu. Arduino Uno ikangokhala osachita kanthu uona manambala akusewera pa 45 kapena 50. Batire limodzi la 18650 la mu laputopu, likakhala labwino, limasunga cha m'ma 2,500 mAh. Gawa 2,500 ndi 50, upeza maola 50. Masiku ako awiri ndi amenewo, SIM800L tisanaiwerengere n'komwe.

Uno anaipangira pa desiki yophunzirira, chingwe cha USB chili chilumikizire. Ili ndi tchipi yachiwiri yongolankhula ndi kompyuta, ili ndi regulator (chowongolera ma volt) yodya moto ngakhale palibe ntchito, ndiponso kagetsi kobiriwira kosazima. Kagetsi kameneka anthu amakaderera, koma kokha kamakoka ma milliamp angapo, kuposa ma microcontroller mazana ambiri ali mtulo. Funa Arduino Pro Mini ya ma volt 3.3. Tchipi yake ndi yomweyo, ATmega328P, moti pulogalamu yako siisintha kwenikweni. Tenthetsa chowotcherera, ugunditse nsonga yake m'mbali mwa kagetsiko, mtovu ukangonyezimira ukakankhe ndi msomali wa pini, kadumphira pa tebulo. Yang'ana mita, manambala agwa uli chipenyere. Chotsanso regulator, ulumikize mabatire awiri a AA mwachindunji, kenako ulembe mu pulogalamu kuti tchipi izilowa tulo totchedwa power-down. Ukachita bwino mita iyenera kuonetsa ma microamp osafika 10. Ikakana kutsika, pali china chikuba moto, uzichotsa mawaya amodziamodzi mpaka uchipeze.

Dzimbiri lija labwera chifukwa timapanga tako timakhala ndi moto usana ndi usiku m'nthaka yonyowa, ndiye magetsiwo akudya chitsulo. Sensayo uipatse moto kuchokera pa phazi limodzi la tchipi, uyatse kanthawi koyezera kokha, n'kuzimitsa. Ukapeza ndalama ugule ya mtundu wa capacitive, imene chitsulo chake n'chokutidwa, ndipo m'mphepete mwake upakemo guluu wa epoxy kuti madzi asalowe.

Tsopano chilombo chenicheni, wailesi. Pa tizipangizo tonse totere kulankhula ndiye kodula kuposa kuganiza. Ofufuza a ku yunivesite ya California ku Berkeley, amene anatsogolera ntchito imeneyi cha m'ma 2000, anawerengera kuti moto wotumizira bit imodzi (kachidutswa kochepetsetsa ka uthenga) pa wailesi ungakwanire masamu mazana angapo m'kati mwa tchipi. SIM800L ikamalankhula ndi nsanja imakoka mpaka ma amp awiri (ma milliamp 2,000) mwa kanthawi, ndipo ikadzuka imatha masekondi ambiri ikufunafuna netiweki, makamaka kumene netiweki ili yofooka. Mabatire a AA sangaipirire, imafuna batire lakelake la lithium ndi swichi ya transistor yoizimitsiratu. Kachipangizo kako kazilankhula ngati munthu amene watsala ndi mayunitsi a K50: moni wautali ayi, anene nkhani, adule. Kodi amalume ako akufunadi SMS 24 pa tsiku? Nthaka siuma pa ola limodzi. Kachipangizoko kaziyeza ola lililonse, kazisunga, kaziganiza kokha, n'kutumiza uthenga umodzi m'mamawa wakuti thirirani kapena musathirire. Uthenga wa tsiku ndi tsikuwo usauchotse, chifukwa ndi umene udzakudziwitse kuti kachipangizoko kakadali moyo.

Pali wailesi ina yopangidwira ntchito imeneyi, LoRa. Inayambira ku kampani yaing'ono ya Cycleo ku Grenoble, France, imene Semtech inagula mu 2012. Imatumiza mawu ochepa kwambiri, pa liwiro lake lotsikitsitsa ma byte 51 okha (zilembo pafupifupi 51) pa uthenga, koma imafika makilomita angapo, ngakhale kupitirira 10 pamalo poyera, ndi moto wa ma milliamp makumi ochepa kwa sekondi imodzi kapena ziwiri. Siifuna SIM khadi. Chimene imafuna ndi cholandirira chimodzi, gateway, choikidwa pamalo okwera, ndipo chimenecho ndicho chimakhala ndi sola ndi intaneti. Ku Liwonde National Park a bungwe la Smart Parks anaika netiweki yotere mu 2018 yolondolera nyama, magalimoto ndi mpanda. Kwanu ku Mitundu, gateway imodzi pa phiri la Bunda ingamve madimba ambirimbiri. Ine ndimalakalaka tsiku limene masensa otere adzakhale pansi pa milatho ya kumtunda kwa Lingadzi, kuti madzi akamakwera usiku anthu a ku Mtandire azidzutsidwa madziwo asanafike pakhomo monga anafikira mu 2017. Koma pa dimba limodzi gateway ikudyera ndalama chabe. Ukafuna kuyesa, gula timawailesi tiwiri ta 868 MHz, kena kudimba kena kunyumba kwa amalume, ndipo ufunse ku MACRA za mphamvu yololedwa.

Uganizirenso ngati wailesi ikufunika n'komwe. Pali chipangizo chotchedwa Chameleon, chimene anapanga Richard Stirzaker ndi anzake ku CSIRO, bungwe la kafukufuku la ku Australia, ndipo alimi a m'masikimu ena amthirira kuno akhala akuchigwiritsa ntchito. Masensa atatu amakwiriridwa mozama mosiyana, mlimi akafika amalumikiza kowerengera, timagetsi n'kuyaka: buluu ndiye kuti nthaka yanyowa, kubiriwira ili bwino, kufiira yauma. Alimi ambiri anazindikira kuti ankathirira mopitirira muyeso n'kumakokolola feteleza wawo. Ngati amalume ako amapita kudimba m'mawa uliwonse, batani limodzi ndi timagetsi titatu zingawakwanire, ndipo mabatire awiri a AA atha chaka osasintha.

Pomaliza, nyumba yake. Paipi ya PVC yoyera yokhala ndi zotsekera ndiyo yabwino. Mawaya atulukire pansi, bowolo ulimate, chifukwa nyerere zimakonda kumanga m'menemo. Dzuwa la Okutobala lisamaiwombe mwachindunji. Kutentha kumafooketsa batire, ndipo usiku kukazizira mpweya wa m'kati umasanduka timadontho pa bolodi. Ikamo timapaketi tija toyamwa chinyezi timene timapezeka m'bokosi la nsapato zatsopano.

FUNSO: Bambo, ndine wapampando wa komiti ya mjigo m'mudzi mwathu. Kunabwera anthu a bungwe lina akuti akufuna kuika kachipangizo m'mutu wa mjigo kuti kazitumiza uthenga ku ofesi kwawo. Anthu akuopa, ena akuti kazijambula zimene amayi amakamba potunga, ena akuti ndi njira yoyambira kutilipiritsa pa ndowa. Tivomere?
Wapampando, dera la Malingunde

YANKHO: A tcheya, zikomo pofunsa musanasaine. Tizipangizo ta pa mjigo timene ndikutidziwa tili mitundu iwiri. Tina timabisidwa m'chogwirira n'kumamva kukwera ndi kutsika kwake, pogwiritsa ntchito kasensa kofanana ndi kamene kamatembenuza chithunzi mukapendeketsa foni. Tina timakhala pamene madzi amadutsa n'kumamva ngati akuyenda. Mulibe maikolofoni, mulibe kamera. Ngakhale wina atafuna, kujambula mawu n'kumawatumiza tsiku lonse kungamalize batire m'masiku ochepa, pamene iwo akufuna likhale zaka. Komabe auzeni atsegule kachipangizoko pamaso pa komiti ndi a mfumu, afotokoze chilichonse chili m'katimo. Munthu wachilungamo sangakane.

Phindu lake lilipo. Ofufuza a yunivesite ya Oxford anayesa zimenezi ku Kyuso, m'chigawo cha Kitui ku Kenya, kuyambira cha mu 2012. Chogwirira chikasiya kugwedezeka, uthenga unkafika kwa wokonza. Mjigo umene kale unkakhala chiwonongekere masiku 27 unayamba kukonzedwa pasanathe masiku atatu. Koma pamene pagona nkhani ndi apa. Ku Kyuso kunali mekaniki wolipidwa, wa njinga yamoto, zipangizo zosinthira zili m'manja. Kasensa sikanasinthepo rabala kapena kutulutsa ndodo m'chitsime. Mjigo wanu uyenera kuti ndi Afridev, umene chiyambi chake ndi pampu ya Maldev yopangidwa konkuno ku Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo anaupanga dala kuti anthu a m'mudzi azitha kuukonza ndi sipanala imodzi. Pamene mijigo imakhalitsa yakufa, kawirikawiri sikuti palibe amene akudziwa. Mudzi wonse umadziwa tsiku lomwelo. Chimasowa ndi ndalama m'thumba la komiti, kapena sitolo yapafupi yogulitsa zosinthira, kapena munthu woti abwere.

Ndiye muwafunse alendowo kuti uthenga ukafika ku ofesi, anyamuke ndani, pasanathe masiku angati, ndipo zosinthira alipire ndani. Afunseni amene adzasinthe batire ndi kulipira SIM khadi pulojekiti ikadzatha, chifukwa tizipangizo tambiri totere timafa mwakachetechete pamenepo. Nkhawa ya ndalama ija si yopanda pake. Kachipangizoko kamadziwadi kuchuluka kwa madzi amene mudzi umatunga ndi nthawi zake, ngakhale sikadziwa kuti watunga ndani. Choncho pemphani kuti komiti izilandiranso manambalawo pa foni, ndipo zilembedwe kuti za zopereka zimagamulidwa ndi mudzi. Ngati akulemba mayina ndi manambala a foni a anthu, lamulo la Data Protection Act la 2024 likuwakhudza, ayenera kunena chimene achite nazo. Akayankha bwino mafunso amenewa, vomerani, mupindula. Akati iwo angofuna manambala a lipoti lawo, ine sindikuona chimene mudzi upezepo.

FUNSO: Ana a m'kalasi mwanga anamva kuti kunja kuli makompyuta ang'ono ngati fumbi, oti angamwazidwe paliponse. Ndiwayankhe chiyani?
Mphunzitsi wa Sitandade 7, Likuni

YANKHO: Aphunzitsi, auzeni kuti maganizowo ndi akale, koma fumbi lenilenilo silinafike. Mu 1997 Kris Pister wa ku Berkeley anayambitsa kafukufuku wotchedwa Smart Dust, cholinga chake sensa, kompyuta, batire ndi cholankhulira zikwane mu millimeter imodzi mbali zonse. Ofufuza a yunivesite ya Michigan anafika pafupi ndi Michigan Micro Mote, ya ma millimeter ochepa, yodzitchaja ndi kuwala.

Ana akonda nkhani ya nkhono. Pa chilumba cha Tahiti anabweretsako nkhono yodya inzake m'zaka za m'ma 1970, ndipo inatha pafupifupi mitundu yonse ya nkhono za m'mitengo za kumeneko. Mtundu wina woyera, Partula hyalina, unapulumuka, anthu osadziwa chifukwa. Ofufuza anamata timakompyuta ta Michigan pa zigoba za nkhono zolusazo, tina n'kuika pa masamba pamene zoyerazo zimagona. Timakompyutato tinkayeza kuwala poona liwiro limene batire lake likudzazira. Zotsatira zinatuluka mu 2021: zoyerazo zimakhala m'mphepete mwa nkhalango, pa dzuwa loti yolusayo singapirire.

Chimene chikulepheretsa kumwaza tizinthu totere paliponse ndi moto womwewo. Kanthu kakachepa batire limachepa, mlongoti wa wailesi umafupika, mawu ake safika patali. Ndipo masensa akachuluka, adzayende ndani kusintha mabatire onsewo, nanga akuthawo adzatayidwa kuti? N'chifukwa chake ambiri akulimbikira zoti kachipangizo kazidzipezera moto kuchokera ku kuwala, kutentha kapena kugwedezeka. Zina zilipo kale m'matumba mwathu. Khadi la ku banki logunditsa pa makina lilibe batire, limatenga moto ku makinawo pa kanthawi kogunditsako. M'kalasi tengani kakyuleta ya sola, mwana aphimbe kagalasi ka sola ndi chala, anzake aone manambala akuzilala ngati ilibe batire lothandizira, kenako achotse chala.

Muwauzenso ichi, akauze makolo awo. Timabatire tozungulira tija tachuluka m'nyumba zathu, m'zidole, m'timatochi ndi m'ma remote, ndipo mwana wokwawa amatiika m'kamwa. Kakakakamira pakhosi kamayamba kuwotcha mnofu, ndipo pa maola awiri okha kakhoza kuvulaza koopsa, ngakhale kamene mukuti kanatha moto. Mwana akameza musamusanzitse, musadikire kuti mwina katuluka kokha, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo ndipo mukanene kuti wameza batire. Takutha muzitimata tepi mbali zonse ziwiri n'kutisunga m'botolo lotseka, pamwamba pamene ana safika. Musatiponye pamoto wa zinyalala, timaphulika.